Miyala Isanu ndi Inayi Imene Sindinataye

Inu ana anga mumakamba kuti atate anu akaona buluzi amati aona ng'ona. Sindikana. Amai anu akhala nane zaka zonsezi akuchotsa theka pa chilichonse chimene ndakamba, ndipo theka lotsalalo limakhala likali lonenepa. Muno ndionjezera monga mwa masiku onse, chifukwa ine ndinapuma pa nchito koma kamwa langa linakana. Pali malo amodzi chabe pamene sindidzathira mchere. Mukafikapo ndidzakuuzani.

Chaka chachiwiri cha ufulu, nyengo yozizira

Sukulu ndinaisiya pa Fomu Thuu. Ena amati anandithamangitsa, koma ine ndimati tinagwirizana ndi ahedi kuti pa sukulu imodzi sipangakhale anthu awiri odziwa zonse. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, miyendo ngati mapesi. Dzina langa la ubatizo, Yotamu, linali kudziwika ndi amai okha. Komboni yonse ya njanji inali kunditcha Wailesi, chifukwa panalibe amene anapeza pozimira.

Kafue nthawi imeneyo inali tchire lodzaza zikhomo za anthu oyeza malo. Aliyense anali kukamba za mafakitale amene adzamangidwa, ya nsalu ndi ya fetereza, ndipo anyamata tonse tinali kale mabwana m'mafakitale amene analibe ngakhale njerwa imodzi. Atate, agogo anu, anachokera ku Katete kudzagwira nchito yolumikiza mabogi pa siteshoni. Iwo anamva kuti pa Boma pafika mzungu wamkazi wophunzira za miyala, afuna mnyamata womva chizungu. Ananditenga m'mawa, koma sanandipereke kwa mzungu. Anandipereka kwa munthu wake wobowola miyala, Ba Mweemba, Mtonga wa ku Chanyanya, mwana wa msodzi amene anaphunzira makina ku migodi. Chifuwa chinali ngati dilamu, ndipo mawu anali kutulutsa atatu pa tsiku, achinayi pa Khirisimasi. Atate anavula chipewa, anagwira dzanja langa n'kuliika m'dzanja lawo.

“Ba Mweemba, mwana uyu ndakupatsani. Kamwa ndi lalikulu koma si wakuba. Akalakwa ndi wanu.”

“Namvela,” anatero Ba Mweemba.

Ine ndinaona ngati ndi mwambo chabe wa madala.

Mzunguyo tinali kumutcha Dona Chipewa, chifukwa chipewa chake chinali kufika pamalo iye akali m'njira. Anatitengera kuseri kwa Shimabala, ku dzenje lakale kumene anthu anali kuphwanya miyala ya laimu n'kusiya. Khoma la dzenjelo linali ndi mizere yogonerana, woyera pamwamba pa wotuwa, kukwera mpaka khosi kuwawa. Dona anamenya khomalo ndi chikhatho nati apa panali pansi pa nyanja ya mchere.

“Ba Mweemba,” ndinamasulira ine, “bakamba ati pano panali nyanja. Imwe basodzi munachedwa.”

“Bafunse nsomba zinaenda kuti.”

Dona anaseka, kenaka anakhala pa mwala n'kutifotokozera, ndipo ndikupatsani monga ndinamvera. Matope anali kugwera pansi pa nyanjayo pang'onopang'ono. M'matopemo munali tizitsulo tating'ono kupambana fumbi la ufa, ndipo kalikonse pomira kanali kutembenuka ngati singano ya kampasi, kuloza kumpoto. Matope atauma n'kukhala mwala, tizitsuloto tinatsala tikuloza komweko mpaka lero. Koma dziko lapansi, anatero Dona, ndi maginito amene sakhazikika. Pakapita nthawi yaitali kwambiri limasinthanitsa, singano imene inali kuloza kumpoto n'kuyamba kuloza kumwera. Ndiye ukakwera khoma mzere ndi mzere uwerenga kuti kumpoto, kumpoto, kumwera, kumpoto, ngati maluwa a pa chitenje. Ukapeza khoma la ku dziko lina lokhala ndi maluwa omwewo, limene zaka zake anazidziwa kale, ndiye kuti nawenso wadziwa zaka za khoma lako. Madzulo ake ndinauza komboni yonse kuti ndalembedwa nchito yotembenuza dziko, ndipo amene andichitira mwano adzauka miyendo ili m'mwamba.

Nchito inali yotere. Ba Mweemba anali kubowola ndi makina a petulo okhala ndi kapaipi kodula mwala mozungulira, madzi akupopedwa kuti kasapse. Akatulutsa kapaipi, pakati panali kutsala kamwala kobulungira kakali kogwira kumizu. Tinali kutitcha mabatire chifukwa tinali ngati a mu tochi. Iwo akapita kukabowola pena, ine ndinali kubwera pambuyo: kuika kampasi, kulemba manambala m'buku, kukanda mzere ndi waya wa mkuwa, ndiyeno kuthyola batire n'kujambulapo muvi wosonyeza mmene inakhalira m'khoma. Nchito yonse inali pa muviwo. Makina oyeza anali kutsidya la nyanja, ndipo anthu a kumeneko sanaonepo Shimabala. Anali kukhulupirira muvi wanga. Dona anandiuza lamulo limodzi kangapo: batire ikathyoka yokha mkati mwa makina isanalembedwe, yazungulira, sudziwanso mmene inakhalira. Taya.

Chaka chomwecho, petulo itasowa

Azungu a kutsidya la Zambezi atatembenukira boma lawo, njira ya mafuta inatsekeka. Petulo inali kubwera m'madilamu pa malole ochokera kutali, n'kugawidwa ndi makuponi. Ndimauza anthu kuti m'Kafue munthu akanunkha petulo atsikana anali kumutsatira mpaka kunyumba. Dona anali kupatsidwa kachigubu kamodzi pa sabata, kogawana motoka ndi makina. Dzenje lililonse linali kumwa petulo, ndipo batire iliyonse imene ndataya, iye anali kuiyang'ana ikugubuduka ngati munthu amene sitima yamusiya.

Ine manja anga anali abwino, zimenezo sindionjezera. Tsiku lina Dona anandiuza kuti akudziwana ndi anthu amene adzatsegula chipinda choyezera zinthu mu fakitale ya fetereza. “Ukapitiriza chonchi ndidzakulembera kalata.” Kuchokera tsiku limenelo ndinali kudziona mu khoti loyera, bolopeni zitatu m'thumba, ahedi aja akundivulira chipewa pa msika.

Kenaka tinafika pa mzere wotuwa, wofewa ngati sopo. Dona anali atapita ku Lusaka kukaima pa mzere wa makuponi. Ba Mweemba anabowola dzenje loyamba, anatulutsa makina nati, “Iyi yatyoka. Taya.” Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Masiku awiri, mabatire asanu ndi anayi othyoka. Iwo anali kukamba mawu awiriwo n'kupita kutsogolo osacheuka. Ine ndinali kutola batire, kuibwezera m'dzenje lake, kuizungulitsa mpaka mtima wanga utati apa pakhala bwino, n'kujambula muvi wokongola kupambana yonse. Batire ya tochi ukaiika mozondotsa tochi siyaka, udziwa pomwepo. Mwala sudandaula. Ndinati m'mabokosi odzaza chonchi, ndani adzaona isanu ndi inayi?

Dona atabwera anawerenga maenje, anawerenga miyala, zinafanana.

“Ngakhale umodzi wotaya? Pofewa chonchi?”

“Madamu, dzanja ili miyala imaliopa. Ikandiona imaima njo ngati asilikali.”

Ba Mweemba anali kutsuka makina chapafupi. Sanadzutse mutu. Mabokosi anapita ndi ndeke, ine ndinaiwala.

Chaka chachitatu cha ufulu, mvula itayandikira

Yankho linatenga miyezi yambiri, ife tikubowola makoma ena. Linabwera dzuwa likuswa mitu, mitambo itayamba kusonkhana. Dona anatsika m'motoka akuthamanga mpaka chipewa chinagwa, ndipo tinaona koyamba kuti ali ndi imvi. Anayala pepala pa bonati. Miyala yonse ya khoma lija inali kuloza mbali imodzi, kupatula isanu ndi inayi ya mzere wotuwa. Iwiri inali kuloza kumwera, ina kum'mawa, ina m'mwamba, ina pansi, ngati nkhuku zoona kabawi. Dona anati mwina, mwina chabe, uwu ndi mzere umene unagona pa nthawi yeniyeni imene dziko linali kutembenuka, singano itasokonezeka isanapeze kolowera. Anati munthu angathe kufunafuna moyo wake wonse osaupeza.

Ine ndinadziwa manambala amenewo ndisanamalize kuwawerenga.

Dona sanali munthu wokhulupirira msanga. Anati pafunika miyala ina ya mzere womwewo kuti atsimikize. Koma pansi pamene tinabowola panali patagumuka, ndipo mzerewo unali kukwera chopendama mpaka pa kashelefu ka mwala, msinkhu wa nyumba zitatu zosanjikana, pansi pa chimwala cholendewera. Kumeneko kokha ndi kumene unaoneka wolimba. Ndeke yake yobwerera kwawo inali pafupi, mvula inali pafupi. Anandionetsanso envulopu yokhala ndi dzina langa nati adzandipatsa tsiku lomaliza.

Masiku asanu ndi limodzi tinakonzekera zingwe ndi paipi yaitali ya madzi. Ndinali kudziwa bwino zinthu ziwiri. Ndikakamba, kalata yapita, ndipo atate adzayenda pa siteshoni mutu uli pansi. Ndikakhala chete, munthu adzakwera khoma lija kukafuna chinthu chimene kulibe. Ndinadziuza kuti Ba Mweemba anatsikapo m'migodi yakuya kupambana pamenepo. Ndinadziuzanso kuti kapena ndinalosera bwino, kapena dziko linatembenukadi pamenepo. Sabata limenelo ndinakamba nkhani zambiri kupambana chaka chonse.

Tsikulo tinafika m'mawa. Dona anati tikwere awiri, wobowola ndi wolemba muvi. Ba Mweemba anatsika ndi chingwe kuchokera pamwamba, anaponda kashelefu kaja, anagogoda chimwala ndi nyundo n'kumvetsera, kenaka anabwera pansi kudzatenga makina.

“Paja sipanganyamule babili. Nizalemba neka. Wailesi ankhale pansi, apompe manzi.”

Anatenga kampasi ndi waya wanga wa mkuwa. Pomanga chingwe m'chiuno anandiyang'ana nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kukanda khosi.

“Wailesi. Lelo kulibe nyuzi?”

“Nyuzi ilipo, mudala. Bakamba ati Mutonga wayamba kumbululuka monga mbalame.”

Sanaseke. Anamanga mfundo yomaliza n'kupita.

Apa ndi pamene sindithira mchere.

Ndinapopa madzi. Makina analira. Batire yoyamba inatsika m'kathumba pa chingwe, yachiwiri inatsikanso, mivi yowongoka bwino. Madzi amene ndinali kupopa anali kulowa mu mzere wofewa uja, pansi pa chimwala. Yachitatu anailemba n'kuiika m'thumba la shati. Atayamba dzenje lachinayi chimwala chinasuntha. Sichinachite phokoso lalikulu. Makina anagwa pafupi ndi ine n'kuzima, ndipo kunakhala zii. Ba Mweemba anali kulendewera pa chingwe, akuzungulira pang'onopang'ono, dzanja lamanja lili mmene dzanja silikhalira. Anthu amene anali kusosa m'munda chapafupi anatithandiza kuwakoka. Petulo inatithera pa msewu tisanafike ku Lusaka, ndipo tinadikira lole, mutu wawo uli pa miyendo ya Dona. Ba Mweemba sanalire. Ku chipatala anadula dzanjalo pamwamba pa chigongono.

Sabata lotsatira

Ndinapeza Dona pa khonde la nyumba ya alendo masana, akumanga mabokosi. Ndinakamba zonse nditaimirira, m'chizungu chochepa kupambana chimene ndinalankhulapo. Sanakalipe. Anatsegula buku, anatenga rula, anakhwatcha mizere isanu ndi inayi, umodziumodzi, ine ndikuona.

“Unadziwa liti kuti ndi imeneyi?”

“Tsiku limene pepala linabwera.”

“Masiku asanu ndi limodzi.” Dona anatseka buku. “Amene anamutuma kukwera ndine. Chimenecho ndi changa, ndipita nacho. Chako ndi chako.”

Anatulutsa envulopu ija n'kuiika pa tebulo. “Muno ndinalemba kuti ndiwe wosamala ndiponso wokhulupirika. Sindiing'amba. Ngati ungathe kuinyamula, tenga.”

Ndimafuna ndikuuzeni kuti sindinaiyang'ane n'komwe, koma ndinaiyang'ana. Dzanja linafika mpaka pa tebulo. Panalibe amene akanadziwa, chifukwa iye anali kukwera ndeke. Ndinaisiya pomwepo n'kutuluka, ndipo njira yonse mpaka ku komboni ndinali kufuna kubwerera. Atate nditawauza sanandimenye. Anafunsa chabe kuti, “Munthu amene ndinakupereka kwa iye, wamuuza?” Ndinati iyai. Ku chipatala ndinali kufika pa geti n'kubwerera.

Fakitale itatsegulidwa ndinalowa ngati wonyamula matumba. Patapita zaka anandikweza kukhala wotapa fetereza wa m'matumba kupereka kwa oyeza. Ndinapuma nchito ndikali kugogoda pa chitseko cha anthu a makhoti oyera. Koma zimenezo ndi za mutu wina.

Mvula itatha, ku Chanyanya

Zinanditengera miyezi isanu kuti ndibwereke njinga ya atate. Nthawi imeneyo kalata ya Dona inali itafika ku Boma: mabatire awiri a pa kashelefu anali kuloza mbali yomweyo imene khoma lonse linali kuloza. Panalibe kutembenuka kulikonse.

Ba Mweemba ndinawapeza pansi pa mtengo pafupi ndi dooko, ukonde uli pa miyendo, akuyesa kumanga mfundo ndi dzanja lamanzere ndi mano. Chifuwa chija chinali chitaphwa. Akazi awo anali kukoka bwato kumtunda okha, chitenje chitanyowa mpaka m'chiuno. Ndinawapatsa moni, anandiyang'ana n'kupitiriza kukoka.

Ndinagwada. “Ba Mweemba, nabwela kukamba.”

“Wachedwa kuyaka, Wailesi. Kamba.”

Ndinafotokoza za miyala isanu ndi inayi, za kalata, za yankho la Dona. Anamvetsera ulusi uli kukamwa. Nditamaliza anaulavula.

“Iwe uganiza wobowola samvela mwala ukatyoka? Umamveka mu manja, apa.” Anakweza chotsala cha dzanja lija. “Nayini ninakuuza kuti taya. Mu mazulo muzungu apenda, zonse zakwana. Ine sininaende ku sukulu, koma nayini niiziba.”

“Manje ngati munaziba, ninshi simunakambe?”

“Batate bako banakuika mu kwanja kwanga. Mwana wopasiwa sumupeleka kuli muzungu monga kawalala. Umamuyembekeza akambe eka.” Anayang'ana kumtsinje. “Ninayembekeza masiku sikisi. Ninati kamwa ikulu so, izakamba chabe. Pa ntambo ninakufunsa. Unanipasa nthabwala.”

Ndinayamba kulira, iwo anati ndileke chifukwa anthu akuona.

“Naine nili na mulandu wanga,” anatero. “Ninagogoda mwala uja, unalila bwino. Ninati nizakwela, nibowole zinayi, mwala uzakamba weka, iwe uzamvela nsoni, uzakula. Ninafuna kukupunzisa. Ona sukulu yamene ninamanga.”

Akazi awo anafika ndi dengu la nsomba zochepa. Anakamba ndi amuna awo m'Chitonga, mawu aafupi, osandiyang'ana. Sindinamve onse, koma ndinamva kuti akufunsa ngati mlendoyu wabweretsa dzanja.

Ba Mweemba anaitana mwana wawo wamkazi kuti atenge chinthu m'nyumba. Inali batire yachitatu ija, imene inali m'thumba la shati pamene anagwa. Anaiika m'dzanja langa n'kulipinda ndi dzanja lawo limodzilo, mwamphamvu mpaka zala zinawawa.

“Iyi sinatyoke. Tenga. Batate bako ubauze kuti nakubweza.”

Sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinapemphe. Ndinapitako kambiri pambuyo pake, kukapalasa bwato ndi kukoka ukonde masiku opuma. Anali kundilola, koma sananditchenso Wailesi. Anali kunena kuti Yotamu. Akazi awo sanandiyankhe moni mpaka tsiku limene tinaika amuna awo m'manda, ndipo ngakhale tsiku limenelo sanayankhe.

Kamwala kotuwa kamene kali pamwamba pa kabati, kamene munali kutsekera nako chitseko muli ana ine n'kukukalipirani popanda kufotokoza, ndi kameneko. Ndikadzapita musadzakataye. Zambiri zimene ndakusiyirani m'buku lino muchotseko theka monga amachitira amai anu. Koma muvi uli pa kamwalako ndi woona. Sindine ndinaulemba.